Kubzala n'kwa tsiku limodzi, kulera n'kwa zaka

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Pa boma la Mzimba, ku Embangweni, ku Jenda ndi ku Champhira, mipingo ndi sukulu zimanyamula mbande, kukumba maenje ndi kubzala mokondwera. Koma tikabwerera m'malo omwewo mu Okutobala, nthawi zambiri timapeza maenje okhaokha. Mbuzi zinadya nsonga, ng'ombe zinaponda, chiswe chinalowa kumizu, moto wolusa n'kumaliza zotsala.

Ife a kuno tili ndi umboni pafupi. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inakula chifukwa anthu ankalambula ndi kutchinga moto chaka ndi chaka. Chisamaliro chitachepa, moto ndi macheka zinasiya mapiri ambiri ali mbee. Nayo nkhalango ya Perekezi yavutika ndi owotcha makala.

Buku la Genesis 2:15 likutiuza kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndiponso kuti ausunge. Ntchito yachiwiriyi ndiyo tikuiiwala.

Kamtengo kofooka kamafuna chochirikiza. Tikhome nsungwi kapena kamtengo kowuma kumbali imene mphepo imachokera, motalikirako pang'ono kuti tisabaye mizu. Timange ndi luzi kapena kansalu mosathina, kuti kathunthu kazigwedezeka pang'ono, pakuti kugwedezekako ndiko kumakalimbitsa. Waya amacheka khungwa. Pakatha chaka, mizu itagwira, timasule chingwecho, chifukwa chikakhalitsa chimatsamwitsa mtengo umene chinkauteteza.

Tizungulize mpanda wa minga kuopa ziweto. Tipalire udzu, tipange kabeseni kosunga madzi, ndipo tiphimbire nthaka ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, ungaitane chiswe. Mvula ikaleka, mphepo yozizira ya Juni ndi Julayi isanaumitse tchire, tilambule njira yotchinga moto. Dzuwa likakula, ndowa imodzi pa sabata imatha kupulumutsa mbande.

Pa Luka 13:6-9 Ambuye Yesu akusimba za wosamalira munda amene anapempha kuti mkuyu wosabala upatsidwe chaka china, kuti aukumbire ndi kuuthira manyowa. Iye anadzipatsa yekha ntchito, nthawi ya nkhwangwa isanakwane.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Ana athu ndi akhristu atsopano ali ngati mbande zimenezi. Tikawabatiza n'kuwasiya, mphepo imawagwetsa. Tikawamanga mothina, sakula msana wawowawo. Kholo lanzeru limachirikiza, ndipo limadziwa nthawi yomasula chingwe.

Tsono chaka chino tisanatenge mbande zina, khomo lililonse ndi mpingo uliwonse uyambe wawerenga mitengo ya chaka chatha imene ikadali moyo. Mtengo uliwonse ukhale ndi munthu wake wouyendera. Wokulitsa ndi Mulungu, koma khasu ndi ndowa anazipereka m'manja mwathu.