Chingwe cha Chaja: Titenge Chotchipa Kapena cha Dzina?

Anzanga, ndidziwa kuti lamulo la pasukulu pano silitilola kusunga foni, ndipo aphunzitsi amene awerenge nkhani iyi asayambe kundipisa m'thumba, pakuti ine ndilibe. Komatu tikatsekera sukulu ndife amene makolo amatituma kumsika, amvekere, "Thamanga ukandigulire chingwe cha chaja, ichi chafa." Tsono ukafika pa Boma upeza zingwe zili lendelende pa benchi ya wogulitsa, zoyera, zakuda, zina zolukidwa ngati nthambo za nsapato. China n'chotchipa ndithu. China chili m'kabokosi kolembedwa Samsung kapena Oraimo, ndipo ndalama zake ungagulire zotchipa zija zitatu kapena zinayi. Kodi mwana wotumidwa atenge chiti?

Ine funsoli linandipeza pa tchuthi chapitachi. Amalume anga amagula usipa kwa asodzi kugombe, nauyanika pa thandala, nautumiza ku Lilongwe. Malonda awo onse ali m'foni: mitengo amamvera momwemo, ndalama nazo zimabwera momwemo pa Airtel Money kapena Mpamba. Kwawo kulibe magetsi a ESCOM, koma ali ndi kasola padenga. Tsono foni inayamba nthenda. Ikakhala pa chaja kuyambira m'mawa, pofika madzulo moto uli theka lokha. Iwo anati batire latha, nagula lina, koma nthenda inali yomweyo. Tsiku lina foni inazima m'mamawa, wogula wa ku Lilongwe anaimba kangapo osawapeza, nakagula usipa kwa munthu wina. Matumba awiri anakhala m'nyumba sabata yathunthu, ndipo anagulitsidwa motchipa. Pambuyo pake mnzawo anawabwereka chingwe chake, ndipo foni yomweyo, pa sola yomweyo, inadzaza nsima yamasana isanapse.

Potsegulira sukulu ndinabwera nacho chingwe chopalamulacho kwa aphunzitsi athu a Physics, ndipo iwo anachitumbula ndi lezala kalasi yonse ikuona. Anatiuza kuti chingwe chabwino cha USB cha masiku onse chimakhala ndi mawaya 4 m'kati: wofiira ndi wakuda onyamula moto, woyera ndi wobiriwira onyamula uthenga, monga nyimbo kapena zithunzi zochokera pa kompyuta. M'chingwe cha amalume tinapezamo mawaya 2 okha, ndipo titasenda tinaona timawaya tochepa, tooneka ngati tsitsi. Chimene chinkachinenepetsa chingwecho chinali pulasitiki basi. Aphunzitsi anatenga maginito nawayandikiza, ndipo timawaya tija tinadumpha n'kukakamira. Kalasi inaseka, koma iwo anatifunsa kuti, "Kodi mkuwa umakokedwa ndi maginito?" Tonse tinati iyayi. Motero timawayato tinali tachitsulo, topakidwa mkuwa pamwamba pokha.

Chifukwa chake cha chinyengo chotere sichovuta kuchimva. Mkuwa, umene anzathu a ku Zambia amakumba wambiri, ndi wodula pa msika wa dziko lonse. Wopanga zingwe amene afuna kuti chake chitchipe koposa anzake alibe pena pochepetsa koma pa mkuwapo. Ena amauchepetsa, ena amaika aluminiyamu kapena chitsulo m'malo mwake. Koma aluminiyamu amapititsa magetsi magawo 6 okha mwa magawo 10 a mmene mkuwa wonenepa chimodzimodzi upititsira, ndiponso amathyoka msanga akamapindidwapindidwa. Chitsulo ndiye sichifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 5.

Amene munaonako minda ya mpunga ya ku Bua mudziwa kuti ngalande yopapatiza, yomera udzu, imafikitsa madzi ochepa kumunda ngakhale mtsinje utadzaza. Waya alinso chomwecho. Akakhala woonda kapena wamtali amakaniza magetsi, ndipo kukanizako ndiko kumene m'kalasi timati resistance. Mjeremani Georg Ohm anafalitsa lamulo la zimenezi mu 1827, lija timaloweza lakuti V = IR. Tiyeni tiligwiritse ntchito, lisangokhala la pa mayeso. Chaja wamba imatulutsa ma volt 5. Kunenepa kwa waya amakulemba ndi nambala yotchedwa AWG, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti nambala ikakula waya ndiye aonda. Waya wa mkuwa wa 28 AWG amakaniza pafupifupi 0.21 ohm pa mita imodzi, pamene wa 24 AWG amakaniza pafupifupi 0.08 ohm. Musaiwale kuti magetsi amapita pa waya wofiira nabwerera pa wakuda, choncho chingwe cha mita imodzi ndi ulendo wa mamita 2. Foni yamakono ikafuna ma ampere 2, chingwe choondacho chimadya pafupifupi 0.85 volt panjira, chonenepacho 0.34 volt yokha. Pamenepo foni, poona kuti mphamvu yofika kwa iyo yatsika, imachepetsa yokha moto umene ikukoka, ndipo imadzaza pang'onopang'ono. Mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha, n'chifukwa chake chingwe choipa chimafunda m'manja. Masamu amenewa ndi a mkuwa weniweni. Taganizani tsono za chitsulo cha amalume chija!

Apa pali phunziro lina limene ambiri salidziwa. Chingwe chachitali, cha mamita 2 kapena 3, chimene anthu amachikonda chifukwa chimafika pa mphasa munthu atagona, chimataya mphamvu kawiri kapena katatu kuposa cha mita imodzi ngati waya wake ndi wofanana. Kwa amene ali ndi magetsi usiku wonse zimenezi si kanthu kwenikweni. Koma kwa amene adalira dzuwa, kapena amene amalipira pa malo otchajitsa mafoni, kapena amene magetsi awayakira maola ochepa, ola lililonse lili ndi mtengo wake.

Kodi tsono tinene kuti cha dzina ndicho choyenera kugula nthawi zonse? Ayi, tisafulumire. Choyamba, dzina limasindikizidwa ndi aliyense amene ali ndi makina osindikizira. Zingwe zambiri zolembedwa maina otchuka sizinatulukeko ku mafakitale a eni mainawo, ndipo munthu angathe kulipira ndalama za chenicheni nalandira chonga cha amalume, kungoti chavala kabokosi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndiponso kunena kuti "ichi n'cha ku China" sikuthandiza kanthu, pakuti zabwino ndi zoipa zomwe, zambiri zimachokera komweko.

Chachiwiri, pali malo ena pamene chingwe chodula chimangokudyera ndalama. Kafoni ka mabatani ka agogo kamakoka moto wochepa, ndipo chingwe chotchipa chimakakwanira bwino lomwe. Chimodzimodzinso chingwe cha HDMI chimene eni nyumba zoonetsera mpira amalumikizira dikoda ku kanema. Chimenecho chimanyamula chithunzi ngati manambala, 0 ndi 1. Manambalawo akafika onse, chithunzi ndi chimodzimodzi, kaya chingwecho n'cha mtengo wochepa kaya kunsonga kwake kwapakidwa golide. Akalephera kufika, kanema amathwanima kapena kuzima kumene. Palibe chingwe chimene chingabiriwitse udzu wa m'bwalo koposa chinzake, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Pali polekezera pamene kutchipa kusanduka ngozi. Mafoni atsopano ambiri ali ndi kamwa yotchedwa USB-C, yolowa mbali iliyonse, imene ingathe kupititsa mphamvu zambiri kuposa micro-USB yakale. Mu 2016 injiniya wa kampani ya Google, Benson Leung, amene ankagula zingwe zotere pa Amazon n'kumaziyesa, anaonongetsa kompyuta yake ndi chingwe chimene mawaya ake analumikizidwa mosemphanitsa, ndipo chaka chomwecho Amazon inaletsa kugulitsa zingwe za USB-C zosatsata muyezo. Koma choopsa koposa si chingwe ayi, ndi mutu wa chaja, uja timalowetsa pa soketi. M'menemo mumalowa ma volt 230 a ESCOM ndipo mumatuluka 5, ndiye chimene chimalekanitsa mbali ziwirizo ndi kampata kakang'ono ndi zotchingira zake. Mu 2016 momwemo akuluakulu oona za malonda ku Britain analengeza kuti pa machaja 400 achinyengo olembedwa Apple amene anayesedwa, 3 okha ndi amene anali ndi zotchingira zokwanira. Chingwe choipa kawirikawiri chimakutayitsa nthawi ndi ndalama, koma mutu woipa ungathe kugwira munthu ndi magetsi kapena kuyatsa nyumba. Ngati ndalama zili zochepa moti n'kusankha chimodzi, ine ndingati zipite ku mutu.

Kuno kunyanja zingwe zilinso ndi adani awo. Madzi athu alibe mchere, komabe chinyezi chimachititsa dzimbiri pa tizitsulo ta kunsonga, ndipo mchenga umalowa m'kamwa mwa foni nupala tizitsulo timeneto. Nthawi zina chingwe chimanamiziridwa chabe, vuto lili fumbi lodzaza m'kamwamo, limene lingachoke ndi kamtengo kosongoka foni itazimitsidwa. Ndipo zingwe zambiri, zodula ndi zotchipa zomwe, zimafera pakhosi, paja chingwe chikumana ndi mutu wake, chifukwa timazula pokoka chingwe m'malo mogwira mutuwo. Ichi ndiye n'chathu, sitingachikankhire kwa wopanga.

Tsono ukatumidwa uchite motere. Uyambe waona kamwa ya foniyo, kapena uitenge kumene, kuti usagule micro-USB pamene ifuna USB-C. Usankhe chachifupi. Uyang'ane ngati palembedwa 2A kapena 3A, kapenanso nambala ya AWG, podziwa kuti zolemba nazo zimanama nthawi zina. Kunenepa kwa chingwe usakukhulupirire, taona kale kuti pulasitiki ndi yotchipa. Ngati kwanu kuli wailesi yakufa, chotsamo maginito a m'sipika upite nawo, uwayandikize pakati pa chingwe, osati kunsonga, pakuti kunsongako kumakhala chitsulo ngakhale pa zingwe zabwino. Chikakokedwa chisiye. Chikapanda kukokedwa sindiye kuti chapambana, popeza aluminiyamu nayenso sakokedwa. Yeso loposa onse ndi kupempha wogulitsa kuti achilumikize pomwepo. Mafoni ambiri amalemba nthawi yotsala kuti adzaze, ndipo ungathe kulinganiza zingwe ziwiri pa chaja imodzi. Ugwedezenso pakhosi paja uone ngati moto ukudukaduka. Wogulitsa amene akana zimenezi wakuuza kale za katundu wake. Ndiponso n'kwabwino kugula kwa munthu amene ali ndi malo ake okhazikika, amene mawa udzam'peza, kusiyana ndi wongodutsa pa tsiku la msika.

Amalume ndinawagulira chingwe cha mita imodzi, chopanda dzina lotchuka, cha mtengo wapakati, titachiyesa pa benchi pomwepo pamodzi ndi zina ziwiri. Wogulitsayo anaseka poona maginito anga, nafunsa ngati ndiphunzira za ufiti kusukuluko, koma anandilola. Akamapita kugombe amalume amachisunga m'kabotolo kotseka pamodzi ndi machesi awo. Batire lakale lija, limene analichotsa popanda mlandu, alibwezera m'foni, ndipo latsopanolo lili m'kabati kudikira tsiku lake.