Anyamata a pa mikisa

Nyengo ya maukwati ikafika, anthu atakolola ndi kugulitsa mbewu, holo iliyonse ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu imakhala ndi katebulo kapakona kodzaza nthambo. Pamenepo pamakhala laputopu, mikisa, ampulifaya ndi anyamata awiri kapena atatu. Paukwati timawatcha ma DJ, kutchalitchi amati a zokuzira mawu, pamaliro ndi pamsonkhano wandale amangoti a PA. Perekaniperekani amadalira iwowa. MC akaitana akuchikazi koma nyimbo osalira, anthu amaima ndalama zili m'manja, ena n'kuzibweza m'thumba.

Ntchitoyi ili ndi akulu ndi ang'ono ake. Pali mwini zida, amene amakambirana mtengo ndi akomiti ndipo mwina pamwambopo saonekako. Pali wokhala pa laputopu, kenako onyamula masipika ndi kukulunga nthambo, omwe ndiwo ophunzira. Ena anadutsa kusukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA n'kuphunzira zamagetsi, koma ambiri amene mungawafunse anayambira kukwaya, kapena pakashopu kobena nyimbo pamsika. Za chiphaso cha COSOMA, bungwe lotolera ndalama za oyimba nyimbo zawo zikaseweredwa pagulu, ndi nkhani imene eni zida ena sakonda kuiyamba.

Kusankha nyimbo aliyense angathe. Mmisiri amadziwika pamene laputopu ikuonetsa kuti nyimbo ikuyenda koma masipika ali duu. Wachibwana amathamangira kukweza voliyumu paliponse, ndipo mawu akabwera mwadzidzidzi amagonthetsa agogo okhala kutsogolo. Wodziwa amatsitsa kaye zonse, n'kulondola mawuwo kuchokera kumene akubadwira. Amaika mahedifoni mu laputopu. Akamva nyimbo, ndiye kuti vuto lili kutsogolo, munthambo kapena pamikisa. Akapanda kumva, salimbana ndi nthambo, amalowa mukompyutamo.

Kawirikawiri wolakwa amakhala pulojekita. Nthambo ya HDMI imanyamula zithunzi pamodzi ndi mawu, choncho akangoilumikiza kuti aonetse zithunzi za akwati kapena mawu a nyimbo kutchalitchi, Windows imatha kusamutsira mawu onse kupulojekitako. Bluetooth nayo ndi chimodzimodzi: laputopu imakumbukira kasipika kamene inalumikizana nako dzulo, ndipo ngati kali koyatsa m'chikwama, nyimbo ya mkwatibwi imalirira m'chikwamamo. Mankhwala ake ndi kudina kachizindikiro ka sipika pakona ndi kusankha kotulukira mawu koyenera. Pulogalamu ngati VirtualDJ ilinso ndi posankhira pakepake, ndiye wina amakonza ku Windows n'kuiwala uko. Pamene laputopu yangoikidwa Windows yatsopano, mwina driver ya mawu, nthawi zambiri ya Realtek, ndiyo yasowa. Limeneli si vuto lothetsera muholo anthu akuyang'ana.

Nthambo ndi nkhani ina. Pamakompyuta apatebulo bowo lobiriwira ndilo lotulutsa mawu, lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsa mawu ochokera kwina. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi la 3.5mm logwira ntchito ya mahedifoni ndi maikolofoni. Jaki yokhala ndi timizere tiwiri ndi ya mawu akumanzere ndi akumanja. Ya timizere titatu imawonjezera maikolofoni. Pali vuto lina lodabwitsa limene anyamatawa amalidziwa bwino: zing'wenyeng'wenye zikumveka koma mawu a woyimba akumveka patalitali, ngati ali m'chitsime. Zimachitika jaki ikapanda kulowa yonse, waya wa pansi ukaduka, kapena wina akalowetsa mbali zonse ziwiri m'bowo limodzi la XLR pamikisa. Mikisayo imachotsera mbali ina kuinzake, ndipo zimene zinali zofanana mbali zonse, monga liwu la woyimba, zimafafanizika. N'chifukwa chake wodziwa amagwiritsa nthambo yogawika pawiri, kaya ya RCA yofiira ndi yoyera kaya ya majaki awiri aakulu.

Tsono kung'ung'udza kuja. Magetsi a ESCOM ndi a 230V, 50Hz, ndipo kulira kwapansipansi kumene kumamveka m'masipika nyimbo isanayambe ndi liwu la magetsiwo. Kuyesa kwake n'kosavuta: zulani chaja cha laputopu. Phokoso likatha, ndiye kuti laputopu ndi mikisa zikulumikizana ndi nthaka m'njira ziwiri, kapena chajacho n'chachabechabe. Kulumikiza zonse pa ekisitenshoni imodzi kumathandiza, ndipo kabokosi kotchedwa DI box, koikidwa pakati pa laputopu ndi mikisa, kamathetsa vutoli mwaukhondo. Koma kabokosiko n'kogula, pamene kuchotsa waya wa earth papulagi ya mano atatu n'kwaulere. Apa ndipo sindigwirizana ndi anyamata ambiri. Phokoso limathadi, koma tsiku limene ampulifaya idzalakwitse m'kati, magetsi adzafuna njira yopita pansi, ndipo njirayo ikhoza kukhala abusa kapena mtsikana wakwaya wogwira maikolofoni yanthambo.

Kumudzi, kapena magetsi akathima, zonse zimadalira jenereta. Wosamala amailiza kaye mpaka ikhazikike, kenako kuyatsa laputopu ndi mikisa, ampulifaya pomalizira. Pozimitsa amayamba ndi ampulifaya kuti masipika asalandire kuphulika kwa mawu kumene kumabwera pozimitsa zida zinazo. Mafuta akamatha jenereta imakoka mawu, ndipo apo m'pamene zida zimapsa. Mwini zida amaloza mnyamata, mnyamata amaloza jenereta ya eni ukwati, ndipo popeza mgwirizano unali wapakamwa, nthawi zambiri amene amadulidwa malipiro ndi mnyamatayo.

Lolemba, pamene ena akuganiza kuti a PA akupuma, iwo amakhala pakhonde ndi chowotcherera mawaya, kuyesa nthambo imodziimodzi ndi kulumikiza zimene anthu anaziponda povina. Nthambo zotchipa za pamsika zimadukira pakhosi pa jaki, ndiye amene waphunzira kuwotcherera yekha mitu yake ndiye amene mwini zida safuna kumutaya, ngakhale samuwonjezera kanthu pa lusolo.