Amene amayenda patsogolo pa perete wa ku Holyoke

Holyoke ndi mzinda waung'ono wa m'chigawo cha Massachusetts ku America, womangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Connecticut. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu opitirira pang'ono 38,000. Koma likafika Lamulungu lotsatana ndi 17 Malichi, tsiku lokumbukira Patrick Woyera amene ndi nkhoswe ya dziko la Ireland, namtindi wa anthu umene umadzaza misewu yake umaposa eni mzinda kangapo konse. Amene anasamukira kutali amabwerera kwawo, alendo amagona mpaka pabalaza, ndipo ena amalawirira kukaika mipando m'mbali mwa msewu kuopa kulandidwa malo. Onsewa amabwerera perete wa tsikuli, amene anayamba mu 1952. Muli magulu oimba ambirimbiri ndi magalimoto okongoletsedwa, koma mwini mwambo ndi kagulu kochepa ka anthu kamene kamayenda chakutsogolo, aliyense atapingasa pachifuwa nsalu yolembedwa ulemu umene wapatsidwa chaka chimenecho.

Wamkulu mwa iwo amatchedwa Grand Marshal. Komiti yoyendetsa pereteyu, imene mamembala ake amagwira ntchito mongodzipereka chaka chonse, imasankha munthu wa magazi a ku Ireland amene amakhala mu Holyoke kapena ndi membala wa komitiyo, ndipo dzina lake limalengezedwa kudakali miyezi ingapo. Kuyambira pamenepo munthuyo sakhalanso wa banja lake lokha. Nyengo yonse yachisanu amayenda m'maphwando osonkhetsa ndalama, m'matchalitchi ndi m'misonkhano ya matauni oyandikana nawo, kulankhula ndi kugwirana chanza ndi anthu, kufikira tsiku lenilenilo.

Tsikulo kumazizira molowa m'mafupa, nthawi zina chipale chofewa chikadali mbuu m'mbali mwa misewu. Atsogoleri aamuna a maperete otere amakonda kuvala jekete lakuda lalitali kumbuyo ndi chipewa chachitali, m'manja atanyamula ndodo yakuda ya mtengo waminga wa ku Ireland. Ulendo ndi wa makilomita pafupifupi anayi, kuchokera mumsewu wa Northampton Street kutsetserekera pakati pa mzinda mpaka High Street, pamene pali nyumba ya khonsolo. Munthu wathanzi akhoza kuumaliza mosakwana ola limodzi, koma wolemekezedwayo satero ayi. Akangoyenda pang'ono wina wamuitana ndi dzina limene ankamutchula ali mwana. Mayi wina watuluka m'khamu kudzamukumbatira, kamtsikana kamupatsa maluwa, mnzake wakale wa kusukulu akufuna chithunzi, ndipo oyang'anira mzere amachita kumukumbutsa kuti gulu la zitoliro zathumba kumbuyoku likudikira. Amene akumuombera m'manja sakumuona koyamba. Amadziwa nyumba imene anakulira, amadziwa ntchito ya bambo ake, amakumbukiranso ngati anafika pamaliro a kwawo kapena ayi.

Kuti anthu a ku Ireland afike poyenda monyadira chonchi pakati pa msewu waukulu panali ulendo wowawa. Dera la Holyoke linkadziwika kale ndi dzina loti Ireland Parish chifukwa cha mabanja ochepa amene anafikako m'zaka za m'ma 1700, koma ambiri anabwera pothawa njala. Kuyambira mu 1845 chiwawu chinawononga mbatata ya kachewere ku Ireland zaka zotsatizana, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo enanso oposa pamenepo anakwera zombo. Nthawi yomweyo anthu achuma a ku Boston ankafuna kutseka mtsinje wa Connecticut kuti madzi ake aziyendetsa mafakitale, ndipo anapeza manja otsika mtengo mwa othawa njalawo. Damu loyamba, lamatabwa, linakokoloka tsiku lomwe analitseka mu Novembala 1848. Anamanganso lina limene linatha mu 1849. Ngalande zikuluzikulu zimene zimadutsa mumzindawu mpaka lero zinakumbidwa ndi mapiki ndi mafosholo, ndipo okumbawo ankagona m'zisakasa za matabwa ndi dothi pafupi ndi mtsinje, pamalo otchedwa The Patch. Mu 1849 kolera inalowa m'zisakasamo n'kupulula anthu. Pambuyo pake Holyoke inatchuka ndi mafakitale a mapepala mpaka kupatsidwa dzina loti Paper City, koma amene anaikumba ankanyozedwa chifukwa cha umphawi wawo ndi Chikatolika chawo.

Munthu wofika kumene m'dziko losamufuna amapulumukira kwa mnzake amene anafika kale. Ndiye amamupezera pogona, kumulankhulira kwa kapitawo, kumusonkhera akadwala, ndi kuonetsetsa kuti akamwalira aikidwe mwaulemu. Mabungwe a Aairishi ku America, monga Ancient Order of Hibernians limene linakhazikitsidwa ku New York mu 1836, anakula pa ntchito zoterezi. Amene akudziwa mabungwe a maliro amene Amalawi anayambitsa m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, kapena zopereka zimene zimayenda ku Joni pofuna kutumiza thupi kumudzi, sangavutike kumvetsa kuti mtsogoleri wa anthu osamuka amapangidwa bwanji. Sasankhidwa ndi boma. Amadziwika chifukwa ndiye amene anthu amathamangira kwa iye zinthu zikavuta.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mphoto zing'onozing'ono za komiti ya ku Holyoke zimanena zambiri kuposa zikuluzikulu. Pali mphoto ya dzina la George E. O'Connell, yopita kwa membala amene walimbikira kusonkhetsa ndalama. Ntchito imeneyi ndi yosasangalatsa: kugogoda pazitseko za masitolo, kugulitsa matikiti, kupemphanso kwa yemwe anakana chaka chatha. Komatu popanda ndalama zimenezi magulu oimba ochokera kutali, monga a Mummers a ku Philadelphia ovala nthenga ndi zonyezimira, sangabwere. Pali ya Thomas F. Rohan, ya membala amene watumikira nthawi yaitali. Pali ya Daniel J. Gallivan, ya membala wokhala kunja kwa Holyoke amene amayendabe mtunda kudzagwira ntchito za komiti. Olandira mphotozi nthawi zambiri ndi aphunzitsi, ozimitsa moto, anamwino, eni timabizinesi ndi opuma pantchito, anthu amene zaka zonsezo ankaima m'mbali atanyamula pepala la ndondomeko, kuonetsetsa kuti gulu lililonse lalowa pamalo pake. Chaka chimodzi chokha amauzidwa kuti asiye pepalalo, ayende pakati pa msewu, anzawo awagwirire ntchito.

Ilipo mphoto ina yotchuka kwambiri, imene imabweretsa atolankhani. Mu 1958 komiti inalemekeza John F. Kennedy, pa nthawiyo ali seneta wa Massachusetts, monga Mmerika wa magazi a ku Ireland amene wachita zazikulu. Ataphedwa mu 1963 mphotoyo inapatsidwa dzina lake, ndipo chaka ndi chaka imapita kwa munthu wodziwika m'dziko lonse pa ndale, masewera, zolemba kapena ntchito zina. Loweruka, perete ali mawa, kumakhala mpikisano wothamanga makilomita 10, kenako olemekezedwa amakaika nkhata ya maluwa pachipilala cha Kennedy, ndipo kumachitika Misa ku St. Jerome, parishi yoyamba ya Akatolika mumzindawu. Kwa zidzukulu za anthu a ku The Patch, kuona Mkatolika wa mtundu wawo akulowa ku White House monga pulezidenti mu 1961 chinali chinthu chogwetsa misozi, ndipo mpake kuti dzinalo amalisunga. Komabe mlendo wotchuka amabwera Lachisanu n'kunyamuka Lolemba. Grand Marshal amatsala, ndipo sabata yotsatira mudzakumana naye pamzere wa m'sitolo. Ulemu wopatsidwa ndi anthu amene amakudziwa ndi zofooka zako zomwe ndi wovuta kuupeza, ndipo komiti imanena poyera kuti kwa munthu wa kumeneko palibe ulemu woposa umenewu.

Atsikana nawo ali ndi gawo lawo. Pampikisano wa asungwana a magazi a ku Ireland amasankhidwa asanu, ndipo mmodzi amavekedwa chisoti paphwando lapadera kukhala Grand Colleen, mphoto yake ikuphatikizapo ulendo wa ku Ireland. Iwowa amakwera pagalimoto yokongoletsedwa, imene maonekedwe ake amachokera pa chojambula cha mwana wa sukulu amene wapambana mpikisano wojambula.

Matauni oyandikana nawo, monga Springfield, Chicopee, Westfield, West Springfield ndi South Hadley, amabwera aliyense ndi gulu lake, mtsogoleri wake ndi olemekezedwa ake, motero mwambo wa kuthokoza umabwerezedwa kambirimbiri mumzere umodzi. M'magulu amenewa ndi mmene mukupezeka ena amene kusamuka si nkhani ya agogo a agogo awo. Dera la Springfield linalandira anthu ambiri ochokera kumadzulo kwa Kerry, makamaka pachilumba cha Great Blasket, kumene ankalankhula chilankhulo cha Chiairishi tsiku ndi tsiku. Chilumbacho chinatsala chopanda anthu boma litasamutsa otsalira mu 1953, achinyamata ambiri atapita kale ku America. Mmodzi mwa iwo, Michael Carney, anakhazikika ku Springfield, anagwira ntchito yaikulu yosunga mbiri ya chilumba cha kwawo, ndipo analemba buku la moyo wake asanamwalire mu 2015. M'badwo umenewo, wobadwira ku Ireland kwenikweni, ukutha. Ambiri amene amavala nsalu ya ulemu lero ndi a m'badwo wachitatu, wachinayi kapena kupitirira, ndipo ena Ireland anakamuona atakula kale.

Funso loti woyenera ulemu ndani silinakhalepo lophweka pa maperete amenewa. Wa ku New York, umene mbiri yake imayambira mu 1762, unadikira mpaka 1989 kuti mayi, Dorothy Hayden Cudahy, autsogolere, ngakhale kuti amayi ndi amene ankatumiza ndalama kwawo kuchokera m'makhitchini a anthu olemera n'kuitanitsa abale awo. Ku Holyoke funsoli labwera mwa njira ina. Mafakitale ambiri a mapepala anatsekedwa, mabanja ambiri a Aairishi anasamukira m'matauni ozungulira, ndipo m'nyumba zosanja za njerwa pafupi ndi ngalande zija munalowa anthu ochokera ku Puerto Rico, amene ena mwa iwo anayamba kubwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ya m'chigwa cha Connecticut. Lero pafupifupi theka la anthu a mumzindawu ndi a mtundu wolankhula Chisipanishi, ndipo mu 2021 anasankha Joshua Garcia kukhala meya woyamba wochokera pakati pawo. Ana awo ndi amene amaimba ng'oma m'magulu a sukulu za sekondale, ndipo makolo awo amadzaza misewu ya kumunsi kumene perete amathera.

Komiti ili ndi mphoto yotchedwa Citizenship Award, imene ingapite kwa munthu kapena bungwe losakhala la magazi a ku Ireland koma lothandiza kwambiri pereteyu. Ine ndimaiwerengera pamwamba, ndipo ndikanakonda ikanamveka mokweza kuposa mmene imamvekera. Sindikuona cholakwa kuti Aairishi asunge udindo wa Grand Marshal pakati pawo, poti mwambowu ndi wokumbukira makolo awo. Koma amene akudziwa bwino zimene makolowo anakumana nazo, kunyozedwa chifukwa cha kalankhulidwe, kupanikizana m'nyumba zoipa, kulandira malipiro ochepa, sangalephere kuzindikira kuti anansi awo atsopano akudutsa njira yomweyo m'misewu yomweyo, ndipo nawonso ali ndi anthu awo amene amathamangiridwa zinthu zikavuta. Kuti zimenezi n'zotheka zinaoneka kale: gulu la zitoliro la Holyoke Caledonian Pipe Band, limene linayambitsidwa mu 1910 ndi anthu ochokera ku Scotland, lakhala likuimba pa pereteyu kuyambira pachiyambi, ndipo palibe amene amaliona ngati lachilendo.

Mu Malichi 2020, kutatsala masiku ochepa, perete anaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Maina anali atalengezedwa kale, maphwando atachitika, chisoti chitavekedwa. Mu 2021 analepherekanso. Komiti sinasankhe anthu ena kuti alowe m'malo mwa aja. Inawasungira malo awo zaka ziwiri, ndipo pamene perete wa nambala 69 anachitika mu Malichi 2022, amene anayenda patsogolo anali omwe aja anasankhidwa mliri usanafike.