BLANTYRE MPAKA CHINTHECHE PA NJINGA YAMOTO: POTO ANATIPHUNZITSA NZERU

Ku Chintheche, m'khitchini mwa agogo anga, muli poto watsopano koma wophwanyika mbali imodzi. Agogo amakana kuti munthu amuwongole. Potoyo anaphwanyikira pa msewu wa M5, ali pamalo pamene panayenera kukhala mwana wa zaka zinayi. Nkhani yake ndi iyi.

Munali mu October 2024, dzuwa likuswa mtengo, pamene uthenga unafika ku Limbe woti agogo, mayi awo a mayi athu, sakupeza bwino ndipo akufuna kuona zidzukulu. Amene muli ndi mabenchi mumsika mukukumbukira mwezi umenewo. Mafuta anasowa, magalimoto ankagona pa mizere, ndipo mtengo wa basi unkasintha ngati wa tomato, wam'mawa wina, wamadzulo wina.

Achimwene anga ali ndi njinga zamoto ziwiri za kabaza. Iwo anawerengetsa pa chikepe cha sopo nkunena kuti: "Anthu anayi pa basi, kupita ndi kubwera, ndiye kuti mpamba wa mayi a mwanawa watha. Njinga imangonunkhiza mafuta. Tiyeni pa njinga."

Alamu amagulitsa kaunjika, ndipo mawu oti mpamba atangotchulidwa anavomera msanga. Tinagwirizana kuti achimwene atenga alamu, ine nditenga mlongo wathu wamng'ono. Ulendo wake ndi wa makilomita opitirira 500.

MKANGANO WA MWANA

Vuto linabuka usiku woti mawa tinyamuka. Alamu anati mwana wawo apite nawo, akhale pakati pa iwo ndi achimwene, poti agogo anali asanamuonepo chibadwire.

"Tsiku ndi tsiku ana akupita kusukulu pa kabaza, atatu njinga imodzi. Wanga yekha ndiye wa dzira?" anatero alamu.

Mayi athu, amene miyendo siwalola kuyenda ulendo wautali, anangoti: "Apongozi, kusukulu ndi apa. Mwana akagona panjira mumugwira ndi dzanja liti? Chisoti chomukwana chili kuti? Musiyeni ndi ine."

Panali kulira, panali kusayankhulana. Pomaliza mwana anatsala. Pamalo pakepo alamu anafungatira poto amene anagulira agogo, mkati mwake muli shuga, sopo ndi mchere. Ananyamuka osatsanzika apongozi awo.

KUCHOKA KUSANACHE

Tinalawira 4 koloko m'bandakucha. Pa Zalewa, pamene msewu umawoloka mtsinje wa Shire, apolisi anatiimitsa nkufunsa laisensi, inshulansi ndi zisoti. Zonse zinalipo. Anyamata ena awiri amene tinawapeza pamenepo anali atakhala pansi, njinga yawo yopanda nambala itaimikidwa pambali. M'tauni anyamata a kabaza amazemba apolisi podzera m'tinjira ta m'makwalala. Pa mlatho palibe kanjira.

Titadutsa pa Chingeni tinasiya msewu wa M1 nkulowa wa M5, wodzera kunyanja. Apa mpamene dzuwa linayamba kutilanga. Cha ku Sharpevale ndi Golomoti mphepo imene inkatiwomba inali ngati yochokera mu uvuni wa masikono. Mlongo wanga anafuna kuvula jekete, achimwene anakana: "Thukuta limauma, koma khungu likasupuka pa tala silibwerera."

Dziwani kuti njinga zimenezi zilibe madzi oziziritsa injini ngati galimoto. Zimadalira mphepo basi. M'tauni njinga imathamanga pang'ono nkupuma pa siteji. Pa ulendo wautali, itanyamula anthu awiri ndi katundu, injini imatentha, oyilo amasungunuka ngati madzi, mphamvu nkuchepa. Choncho pakatha ola limodzi ndi theka tinkaima pansi pa mtengo wa mango kapena mlambe, kumwa thobwa, achimwene nkumagwira tcheni kuona ngati chakhwepa. Kuthamanga si kufika.

PETULO WA M'CHIGUBU

Ku Salima tinafika masana, matanki atatsala pang'ono kuuma. Malo onse omwetsera mafuta amene tinayesa anali gwa. Mtengo wa boma nthawi imeneyo unali K2,530 pa lita, koma unali mtengo wa pa chikwangwani chabe. Petulo weniweni anali m'zigubu, kuseri kwa magolosale, pa mtengo woposa kawiri.

Abale inu, masamu a pa chikepe cha sopo aja anathera pomwepo. Achimwene anawerengera mtengo wa pa pampu. Alamu anamasula kansalu ka mpamba, nkhope ili gwaa, osayankhula kanthu.

Tsoka silinathere pamenepo. Titangopitirira Khombedza njinga yanga inayamba kutsokomola, kenako zii. Makaniko wina wa pansi pa mtengo anatsegula pulagi, yakuda bii, nkununkhiza mu tanki. "Akulu, akugulitsani palafini wosakaniza," anatero akuseka. Anatsuka kabuleta, tinaika pulagi ina imene achimwene anatenga yapadera, koma maola awiri anapita.

Ku Chia, pamene amayi ndi anyamata amagulitsa chambo m'mbali mwa mlatho, tinangodutsa ndi maso, ndalama ya nsomba itapita ku chigubu. Tinalowa m'tauni ya Nkhotakota kukuda, msana uli ngati wathyoka, ndipo tinagona pa resitihausi, chinthu china chimene sichinali mu bajeti. Achimwene ankafuna tipitirire usiku womwewo, koma mlongo wanga anakanitsitsa. Nyali ya njinga ndi imodzi, ndipo ngolo, njinga zakapalasa ndi mbuzi za mumsewu umenewu zilibe nyali nkomwe.

PAMENE POTO ANAPHWANYIKA

M'mawa mwake, tisananyamuke, alamu anapempha tikaone mtengo wotchuka uja umene mbiri imati David Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe za malonda a akapolo. Anajambulitsa pomwepo ndi foni. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chichokereni ku Limbe.

Kuchoka ku Nkhotakota kulowera ku Dwangwa msewu unali woipa zedi. Tala anali atadyeka m'mbali, maenje ali mbwee, ndipo malo ena zipsera za madzi osefukira a mu February 2024 zinkaonekabe. Milatho ina ya msewu umenewu ndi yopapatiza, yodutsa galimoto imodzi yokha.

Titawoloka mtsinje wa Bua, achimwene ali patsogolo, kunatulukira chilole chikubwera pakati pa msewu pozemba maenje. Dalaivala sanachepetse liwiro. Achimwene anakhotera kumanzere kutsika pa tala, tayala lakutsogolo nkulowa mumchenga. Ndinaona ndi maso anga njinga ikupendekeka, anthu awiri nkugwa, fumbi koboo. Chilole chinangopitirira.

Mwayi wake sankathamanga. Achimwene anasupuka pa chigongono, jekete itang'ambika. Alamu anapsa pa katumba ndi ekizosi, chisoti chawo chitakalika mbali yonse. Koma poto uja, amene anali pakati pawo, anapanikizika pakati pa njinga ndi nthaka. Anaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, shuga ali mbwee mumchenga.

Alamu anakhala pansi, kumuyang'ana potoyo nthawi yaitali. Kenako anayamba kulira, ndipo tonse tinadziwa kuti sakulirira mwendo. Atatonthola anapempha foni nkuimbira mayi ku Limbe. "Amayi, mwana wadya?" Anangofunsa zokhazo. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Pa chipatala china chaching'ono anawatsuka bala nkuwamanga bandeji. Namwino sanadabwe nkomwe. Madotolo a mafupa m'zipatala zikuluzikulu akhala akudandaula kwa zaka zingapo tsopano kuti mabedi awo akudzaza ndi anthu ovulala pa njinga za kabaza. Ife tinatsala pang'ono kuonjezera chiwerengero.

KUFIKA

Kuchokera pamenepo tinkayenda ngati tanyamula mazira. Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kenako Dwambazi, Tukombo ndi Kande, nyanja ikuonekera kumanja, minda ya chinangwa kumanzere. Kunena chilungamo, apa ndi pamene njinga imaposa basi. Fungo la usipa pa thandala umalimva, ana akakubayibitsa umawaona, ukafuna kuima kuti usambe m'maso ndi madzi a m'nyanja palibe kondakitala wokukalipira.

Tinafika kwa agogo dzuwa litapendeka, tsiku lachiwiri. Tinawapeza ali pa mkeka, ofooka koma maso ali gwa. Atatiwerenga anafunsa: "Nanga kamwana kaja?"

Alamu anagwada, kuwaonetsa chithunzi pa foni, kenako nkuwapatsa poto wophwanyika uja ndi kufotokoza zonse. Agogo anamutembenuza potoyo uku ndi uku. "Mwachita bwino kundibweretsera uyu," anatero. "Winayo ndidzamuona akadzabwera pa basi." Usiku umenewo tinadya kondowole ndi nsomba ya batala, ndipo agogo anadya nawo, koyamba patatha masiku angapo.

TINAPULUMUTSA ZINGATI?

Pobwerera alamu ndi mlongo wanga anakwera basi, atanyamula thumba la usipa limene linabwezako pang'ono mpamba uja. Ine ndi achimwene tinabweza njinga tokha, masiku awirinso.

Titakhala pansi ndi cholembera, tinapeza kuti petulo wa m'chigubu, makaniko, resitihausi, chipatala, oyilo watsopano ndi galasi losweka zinadya ndalama yoposa ya basi ija. Onjezani masiku onse amene njinga ziwirizo sizinagwire ntchito pa siteji, ndiponso benchi ya alamu imene inakhala yotseka sabata yathunthu chifukwa cha mwendo.

Tsono inu amene mukuganiza zopita kumudzi pa njinga nyengo yotentha ino, sindikuti musapite. Koma werengerani masiku awiri pamene basi imayenda limodzi. Lawirani m'mamawa, pumitsani injini, kukada gonani. Tengani pulagi, chubu, pampu ndi masipanala. Valani jekete, nsapato zotseka ndi chisoti chomanga lamba, nonse awiri. Njinga ili ndi malo a anthu awiri basi.

Mwana uja anapita ku Chintheche pa Khirisimasi ya chaka chomwecho, pa basi, atakhala pamiyendo pa mayi ake. Agogo anamuonetsa poto uja nkumuuza kuti ndi mnzake. Iye sanamvetse, anangomutenga nkuyamba kumuimba ngati ng'oma.