NGONGOLE YA BOMA LA ZAMBIA NDI MTENGO WA UFA

Awerengi athu amene amalandira malipiro pa kutha kwa mwezi adziwa bwino cimene cimaoneka munthu akazolowera kutenga zinthu pa ngongole ku sitolo. Boma nalonso litero: ndarama zimene liononga pa caka zikaposa zimene lisonkhanitsa pa misonkho, lipita kukakongola. Koma Nduna imene ilemba dzina lake pa pepala la ngongole siibweza ndi ndarama za m'thumba mwake ai. Mbiri ya dziko la Zambia itionetsa amene abweza.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, Boma la Dr. Kenneth Kaunda linaganiza kuti bvutolo ndi la kanthawi cabe. Linakongola kunja kuti nchito zonse zipitirire monga kale, makamaka kuthandiza pa mtengo wa ufa wa cimanga m'matauni. Mkuwa sunakwere msanga, koma ciongola dzanja cinakwerabe caka ndi caka. Mu December 1986, pomvera a IMF, Boma linacotsa thandizo lija pa ufa woyera, mtengo wake nupitirira kawiri. Ku Copperbelt kunabuka cipolowe, masitolo anaswedwa, ndipo anthu osacepera 15 anafa. Zoterezi zinacitikanso ku Lusaka mu June 1990, ndipo caka cotsatira Dr. Kaunda anagonja pa cisankho.

Mu 2005 ndi 2006 maiko olemera anakhululukira Zambia ngongole zambiri, kotero kuti ngongole yakunja inatsika kucokera pa madola pafupifupi 7 biliyoni kufika pansi pa biliyoni imodzi. Apa m'pamene ife tidandaula koposa, pakuti mwai wotere subwera kawirikawiri. Zisanathe zaka khumi Boma linabwereranso kukakongola, tsopano kwa amalonda a ndarama a kunja amene sadziwa kukhululuka: madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Ciongola dzanja ca ngongole yoyamba cinali 5.375 pa 100 iliyonse. Ca yacitatu cinafika 8.97. Wokongoza akayamba kukweza ciongola dzanja cotere, ndiye kuti wayamba kukukayikira, ndipo pamenepo Boma likadayenera kufupikitsa dzanja. Miseu inamangidwadi, sitikana, koma mseu subala madola pa tsiku lobweza.

Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a ciongola dzanja. Dola imodzi, imene inali pafupi ndi K5 pa nthawi ya ngongole yoyamba ija, inali itapitirira K20, ndipo wanchito wa ku Kitwe anaziona pogula sopo, mafuta ophikira ndi mankhwala. Mu December 2021 Boma latsopano la Bambo Hakainde Hichilema linacotsa thandizo pa mafuta a galimoto, mtengo wa basi nukwera.

Mu June 2023 maiko okongoza, pamodzi ndi China, anabvomera kukonzanso ngongole ya madola 6.3 biliyoni, natalikitsa nthawi yobweza kufikira 2043. Mwana amene anabadwa mwezi wa panganolo adzakhala ndi zaka 20 pamene gawo lotsiriza lidzalipidwa.