Cionetsero ca Nyimbo pa Wailesi za Maiko Ambiri

Lero sitikamba za migula kapena za matenda a manachesi ai. Tikamba za nyimbo, ndi za mwambo umene nyumba za wailesi za maiko ambiri ziri nao, wosonkhanitsa nyimbo zao pamodzi.

Nonse mudziwa cionetsero ca zaulimi. Mudzi uli wonse umadza ndi cimanga cace cabwino, nyemba, mbatata ndi mbuzi, oweruza nayang'ana, wopambana nalandira mphotho. Koma phindu lalikulu ndi lakuti mlimi wa kwa Nthache amaona mbeu ya mlimi wa kwa Kanduku, napemphako pang'ono kukayesa kwao. A wailesi naonso amacita cimodzimodzi. Nyumba ya wailesi ya dziko liri lonse imasankha nyimbo ndi woimba wace, onse nakomana mu mzinda umodzi, ndipo nyimbozo zimaulutsidwa kuti anthu a maiko onsewo azimve.

Ku Ulaya mwambo umenewu unayamba pa 24 May 1956 mu mzinda wa Lugano ku Switzerland. Anabwera maiko 7, liri lonse ndi nyimbo ziwiri, ndipo anapambana ndi mai wina wa ku Switzerland komweko, dzina lace Lys Assia. Ambiri anamvera pa wailesi, popeza masiku amenewo nyumba zokhala ndi kanema zinali zowerengeka. Ndiwo mpikisano wa Eurovision. A ku Asia anayamba wao, wochedwa ABU Radio Song Festival, ku Seoul m'caka ca 2012. Kuno ku Afrika bungwe la nyumba za wailesi linakhazikitsidwa m'1962 kuti maiko azibwerekana zoulutsa, ndipo m'2006 linatenga dzina la African Union of Broadcasting.

Musaganize kuti izi nzakutali. Wailesi ya ku Malawi isanayambe m'1964, makolo athu ankamvera ya ku Lusaka, imene inkalankhula kwa anthu a maiko atatu: Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia. M'1949 kunabwera kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, ka kampani ya Ever Ready, kogulidwa mapaundi 5, batire padera. Pa iko munthu ankamva nyimbo za Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cishona motsatana. Woimba wochuka pamenepo anali Alick Nkhata, amene atate wace anali a ku Nyasaland kuno, amai ace Mbemba. Kunali ngati cionetsero ca nyimbo ca tsiku ndi tsiku. Ife a ku Mwanza tidziwa bwino kuti mau a wailesi safunsidwa ciphaso pa cipata ca Zobue: abale athu a ku Mozambique amamva zathu, ifenso timamva zao.

Kodi nyimbo zimenezi a wailesi ankazitenga kuti? Zambiri ankazitenga kumidzi. Ankayenda ndi galimoto ya makina ojambulira mau, napeza amai akusinja pa mtondo, abambo akulima pa dima, nkhalamba ikuimba bangwe kapena kalimba pakhonde. Hugh Tracey anayenda cotero m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zisungidwa ku South Africa, m'nyumba yochedwa International Library of African Music imene anaiyambitsa m'1954. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anali anyamata oimba m'miseu ya Blantyre pamene Gerhard Kubik wa ku Austria anawajambula m'1967, ndipo m'zaka zotsatira anaitanidwa kukaimba ku Ulaya. Tsono muone kuti nyimbo yobadwira pabwalo la mudzi ikhoza kufika patali.

Bvuto lace nali. Mtondo walowedwa m'malo ndi cigayo, ndipo pa cigayo palibe woimba cifukwa ca phokoso. Dima likucepa, popeza ambiri tsopano alimitsa ganyu wa ndalama. Nchito ikatha, nyimbo yace imathanso. Ziri ngati mbeu ya makolo: mukaleka kuibzala zaka zingapo, anankafumbwe naidya m'nkhokwe, simudzaipezanso ngakhale mutaifuna ndi ndalama. Dziko lingapereke ciani pa cionetsero ca maiko ngati midzi yace yataya nyimbo zace? Lidzangoimba zobwereka, ndipo eni ace adzaziimba bwino koposa.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, inu nyakwawa, mudziwa agogo amene akali nazo nyimbo za pa mtondo, za pa dima, za kokolola ndi zotonthoza mwana. Masika ano, nchito ya m'munda ikacepa, akhazikeni pamodzi ndi ana kuti awaphunzitse.

Caciwiri, pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi wina wokhala ndi foni yojambula mau. Ajambule, koma asanayambe anene dzina la woimba, mudzi wace, caka, ndi nchito imene nyimboyo inkaimbidwira. Nyimbo yopanda dzina iri ngati thumba la mbeu losalembedwa. Muisunge pa mafoni awiri kapena atatu, pakuti foni imatayika.

Cacitatu, akadza mlendo ndi makina ace, mlandireni bwino, pakuti akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Koma ayambe waonekera kwa mfumu. Mfunseni kumene nyimbozo zikupita ndi cimene akacite nazo. Alembe maina a oimba, akusiyireniko zimene wajambula, ndipo pangano lonse likhale pa pepala. Munthu wopeka nyimbo yace ali ndi lamulo lomteteza, ndipo bungwe la COSOMA, limene linayamba m'1992, ndilo limalembetsa nyimbo ndi kutolera ndalama za eni ace zikaulutsidwa pa wailesi.

Tsiku la cionetsero ca zaulimi likadzafika, bwerani ndi cimanga ndi manachesi monga mwa masiku onse, koma mudzi uli wonse udzenso ndi nyimbo yace imodzi. Tsalani bwino nonse.