Shapa ikagubuduzika, ndani alipira chipatala?

ULÓNGUÈ — Pa msewu wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, ndi uja wodzera ku Ulónguè mpaka ku Calómuè, ngozi sizisowa, makamaka nyengo ya mbatata ndi fodya pamene galimoto zimadzaza mpaka pamwamba. Wovulala amathamangira naye kuchipatala. Mkangano wa ndalama umadza pambuyo, bala litayamba kupola.

Lamulo lilipo. Ndi lamulo nambala 2/2003, lomwe limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi seguro yolipira anthu ena amene galimotoyo yawapweteka. Ngakhale galimoto zakunja zimagula seguro imeneyi polowa pa malire. Kale kampani inali imodzi yokha, EMOSE, imene boma linakhazikitsa mu 1977, koma kuyambira mu 1991 makampani ena analoledwa. Choncho chinthu choyamba n'kudziwa kuti galimoto ija ili ndi kampani iti, ndi kulemba nambala yake isanachoke.

Vuto lalikulu ndi mapepala. Kampani ya seguro siimva nkhani ya pakamwa, ngakhale mudzi wonse utachitira umboni. Imafuna kalata ya apolisi a pamsewu, kalata ya dotolo yonena kukula kwa bala, ndi malisiti a mankhwala ndi a ulendo. Kuno kumalire ambiri amaona kuti chipatala cha Dedza kapena cha Ntcheu chili pafupi kuposa cha ku Tete. Palibe angawadzudzule, mwendo wothyoka sudikira. Koma amabwerako ndi mapepala a Chingerezi ndi malisiti a makwacha, ndipo ngati apolisi a mbali ino sanalembe ngoziyo, kampani imapeza pokanira msanga.

Ena amathetsa nkhani pansi pa mtengo. Mwini shapa amabwera ndi mawu okoma, mbuzi ndi ndalama pang'ono, abale n'kusaina kuti mlandu watha. Patapita miyezi fupa likakana kulumikizana, mbuzi inadyedwa kale, ndipo pepala lija ndilo limatulutsidwa kuti litseke pakamwa wodwala. Mfumu ingayanjanitse anthu, koma chigamulo chake sichimanga kampani ya seguro.

Kampani ikakana, wovulala apemphe kuti kukanako kulembedwe pamodzi ndi chifukwa chake. Atenge kalatayo apite nayo ku IPAJ, bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1994, limene limathandiza ulere anthu osauka pa milandu. Kumeneko ndiko amauza munthu ngati nkhani yake iyenera kukafika ku khoti. Ngati galimoto inalibe seguro, mlandu sufa: amene ayankhe ndi mwini wake ndi woyendetsa.

Nthawi nayo ili ndi malire. Ndime 498 ya Código Civil imapereka zaka zitatu zopemphera chipukuta misozi, kuwerengera tsiku limene wovulala anadziwa za ufulu wake. Malisiti a m'sitolo za mankhwala sachedwa kufufutika, ndiye nzeru ndi kuwajambulitsa ku boma inki ikadaoneka.